Ulosi Womaliza wa a Tigonja

Tsiku lomaliza limene Wakoleji anawaona bambo ake ali moyo, anali atakwera pa kampando m'kona mwa shopu, foni ili pakamwa. M'konamo, chapafupi ndi denga, ndi mokhamo mmene netiweki inkagwira bwino. Wakoleji anaima pakhomo n'kunena kuti akukagula mtovu wowotcherera ndi mabatire. Bambo ake sanatembenuke. Anangokupiza dzanja kawiri, ngati munthu woingitsa nkhuku yolowa m'nyumba. Iye anatuluka n'kumenyetsa chitseko.

Pobwerera anapeza anthu ali khamu pakhonde, ndipo nsapato imodzi ya bambo ake inali pansi pa kampando kaja. Oyandikana nawo anati mkuluyo anangotsika, n'kukhala pansi, n'kupempha madzi. Madziwo pofika, womwa panalibe.

Bambowa ankakonza mawailesi. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso, chifukwa msewu wonse unkawatcha a Tigonja. Timu ya dziko ikakhala ndi masewero, pologalamu ya zamasewero pa wailesi inkapempha omvera kutumiza mawu awo olosera mmene mpira uthere. Mkuluyu sankaphonya, komanso sankasintha. Ankalongosola bwinobwino za otchinga kumbuyo, za goloboyi, za mphepo ya pabwalo, kenako n'kumaliza ndi mawu amodzimodzi: "Tigonja." Ngakhale timu ikamakumana ndi kadziko koti anthu ake onse angakwane m'basi imodzi, iwo ankati tigonja basi.

Tsiku la masewero ankamvera pologalamuyo m'shopu momwemo. Nyumba yawo inali kuseri, yolumikizana ndi shopu pa kachitseko ka m'kati. Mawu a mkuluyo akangomveka pa wailesi kuti "Tigonja," mayi ake a Wakoleji ankasuzumira pa kachitsekoko, manja ali ndi thovu la sopo, n'kunena kuti, "Mwanama, bambo." Mkuluyo ankaseka n'kuvala kapusi yake. Wakoleji anakula akumva zimenezi, ndipo ankaziona ngati mikangano ina yonse ya m'nyumbamo, ya mchere wochuluka ndi ya nsapato zosiyidwa pakhomo.

Iyeyo dzina lakelo analitenga atapita kukaphunzira zamagetsi. Poyamba linali la ulemu. Atasiya m'chaka chachiwiri, n'kubwerera ndi chikwama chimene anapita nacho, dzinalo silinachoke, koma anthu anayamba kulitchula mokoka pang'ono. Bambo ake sanamukalipire. Anangomupatsa chitsulo chowotcherera ndi malo kumapeto kwa tebulo, ndipo kuyambira pamenepo ankalankhula naye za mawaya ndi masipika zokha. Usiku umene anabwerera, Wakoleji anawamva kuseri kwa khoma akuti, "Mwana uyu watha basi." Anadzifunditsa bulangete kumutu kuti asamve zina.

Masewero amene mkuluyo ankalosera tsiku lija anali aakulu kuposa onse amene anthu ankakumbukira. Timu ikapambana, inali itadzigulira malo ku mpikisano waukulu. Ikagonja kapena kulepherana, basi, kudikiranso zaka. Anayenera kuchitika sabata ya maliro yomweyo, koma mvula inagwa yosakata, bwalo linasanduka dambo, ndipo akuluakulu a mpira anawasunthira kutsogolo. Maliro anatha, achibale anabalalika, ndipo Wakoleji anatsegulanso shopu chifukwa eni mawailesi anayamba kubwera kudzafunsa katundu wawo.

Bambo ake anali ndi lamulo pa ntchito. Wailesi iliyonse yokonzedwa inkayenera kukhala yoyatsa tsiku lonse, pa siteshoni imodzi ndi zinzake, mawu ali pansipansi. Ankati wailesi imanama ikangokonzedwa kumene, imanena zoona ikatentha. Wakoleji sanasinthe lamulolo. Mashelefu onse anali ndi mawailesi, aakulu ndi aang'ono, ena opanda zivindikiro, matumbo ali poyera, onse akunong'ona chinthu chimodzi.

Lolemba la sabata ya masewero magetsi anazima kuyambira m'mawa. Masana kunatentha, msewu unali zii, ndipo Wakoleji ankasankha tizitsulo m'chitini. Mwadzidzidzi babu linaphethira, mawailesi onse n'kudzuka pamodzi. Kunalira wezulo, kenako ng'oma za pologalamu ya zamasewero. Kenako munthu anatsokomola.

Chifuwacho anachidziwa asanamve liwu lililonse. Chinachokera kumanja, kumanzere, pamwamba pa mutu wake, ndi pansi pa tebulo pomwe.

"Moni omvera, ndine a Tigonja, pano pa shopu. Ulendo uno mumvetsere bwino, chifukwa zimene ndaona ine…"

Mawuwo anadulidwa pomwepo. Mtsikana woulutsa pologalamuyo analowa ndi chimwemwe chake chonse, akufunsa kuti kodi a Tigonja aona chiyani, n'kuuza omvera kuti asaphonye Loweruka masana, masewero asanayambe.

Chitini chija chinali pansi, tizitsulo titamwazikana. Wakoleji atatembenuka anaona mayi ake ataima pa kachitseko ka m'kati, mpango wakuda uli kumutu, madzi akudontha m'zala. Pakamwa pawo panali potsegula pang'ono ngati munthu amene akudikira mpata woti alankhule. Anaima choncho mpaka nyimbo ina itayamba, kenako anabwerera m'nyumba.

Kachidutswa ka mawuko kankabwerezedwa kangapo patsiku. Pofika Lachiwiri msewu wonse unali utamva.

Woyamba kufika anali Kondakitala, mnyamata wa mawu okakala amene ankabetcha pa chilichonse, ngakhale pa agalu omenyana. Anabwera ndi anzake atatu, onse atavula zisoti ngati akulowa pa siwa. Anapepesa za maliro kachiwiri, anayamikira mmene shopu ikuyendera, anazungulirazungulira, kenako anafika pa chimene anadzera. Ankafuna kudziwa kuti mkuluyo anatchula zigoli zingati.

"Sindinamve," anatero Wakoleji. "Ndipo mukufunsiranji? Anati tigonja, monga masiku onse."

"Ayi, Wakoleji, iwe sukulu inakuwononga makutu. Madala sananenepo kuti 'ndaona.' Ulendo uno ati aona. Munthu akafika pakhomo pa imfa amaona patali, ndipo wakufa sanama, alibe chonamira. Ife tikungofuna manambala, tikaikepo kenakake. Mawu a akulu amakoma akagonera."

"Agonera kumanda. Pitani mukawafunse."

Wakoleji ananena zimenezi mopsa mtima, koma madzulo ake mlonda wa kumanda anabwera kudzanena kuti wapeza anyamata awiri atagwada pa mtumbira wa mkuluyo, wina atagunditsa khutu pa dothi. Amayi a pampopi anayamba kusiya kulankhula mayi ake a Wakoleji akamafika ndi ndowa. Ankati mzimu wa bamboyo sunagone, pali chimene anasiya. Ana a sukulu akafika pa shopu ankawoloka msewu n'kudutsa mothamanga.

Amalume ake anabwera Lachitatu m'mawa, atavala jekete ya kutchalitchi. Anakhala pa benchi ya makasitomala n'kuyang'ana mashelefu ngati kuti mawailesiwo ndi amene analakwa. Anati mlongo wawo akutha thupi, sakudya, ndipo nthawi iliyonse imene mawu aja akumveka akumapezeka ataima pa kachitseko ngati waitanidwa. Anati munthu anaikidwa kale, misozi inali itayamba kuuma, tsono awa akufukula za chiyani.

"Mphwanga, m'nyumba muno mwamuna watsala ndiwe. Pita ukawauze azimitse. Bambo ako si nyimbo yoti azivinira anthu."

Wakoleji anavomera msanga. Anali ndi chifukwa chake chimene sanauze aliyense. Ankadziwa kuti mawu ajawa anajambulidwa nthawi imene iye anaima pakhomo. Penapake kutsogolo kwa kachidutswako kunali mawu ake ouma aja, ndi chitseko chomenyetsedwa. Loweruka dziko lonse linali loti limve mmene mwana anatsanzikira bambo ake.

Siteshoniyo inali pamwamba pa sitolo ya matayala. Anamulowetsa m'kachipinda kopanda zenera, kamene makoma ake anamatidwa mathireyi a mazira. Muulutsi uja anali wamng'ono thupi kusiyana ndi mawu ake, ndipo ankasenda lalanje. Atamva kuti mlendoyo ndi mwana wa a Tigonja, anasangalala n'kufunsa kuti madala ali bwanji, bwanji sakuyankha foni masiku ano.

Wakoleji anamuuza.

Mtsikanayo anaika lalanje pa tebulo pang'onopang'ono. Anati iwo sankadziwa. Mawu a omvera onse anawasunga masewero atasunthidwa, ndipo a mkuluyo anawasankha kuti akhale olengezera chifukwa ndi amene anthu amawakonda. Anapepesa mobwerezabwereza, maso ali pansi. Kenako, ngati munthu wofuna kupereka kanthu koma alibe, anayamba kusimba za mkuluyo. Anati uthenga wawo uliwonse unkatha mofanana. Akati "Tigonja," ankakhala chete kwa kanthawi, kenako n'kuseka okha. Kalekale anzake ankafuna kumadula kampatako, koma omvera anadandaula kuti kusekako ndiye ndiwo zake.

Bwana wa siteshoni, munthu wa tayi yofupika, atamva nkhaniyo anatuluka thukuta. Analamula kuti kachidutswako kachotsedwe nthawi yomweyo, ndiponso kuti aulutse chipepeso kwa banja. Potuluka, muulutsi uja anamutsatira Wakoleji pa masitepe n'kumufunsa ngati akufuna amutumizire uthengawo pa foni yake. Iye anakana. Mtsikanayo anati ausunga mpaka Loweruka, kenako aufufuta monga amachitira ndi ena onse.

Lachinayi, nthawi ya kachidutswa ija itakwana, mayi ake anali kale pa kachitseko. Wezulo inalira, ng'oma zinalira. Koma amene anatsokomola palibe. Bwana uja anawerenga yekha chipepeso, n'kulonjeza kuti mawu a malemu sadzamvekanso pa siteshoni yawo. Kenako kunabwera mnyamata wina wolosera kuti timu ipambana ndi zigoli zitatu.

Mayiwo analowa m'shopu. Anayamba kuzimitsa mawailesi imodziimodzi, kuyambira shelefu ya pansi. Ena sankadziwa pozimitsira, ankangosolola waya. Atamaliza, m'shopumo munali bata limene Wakoleji anali asanalimvepo masana chibadwire. Mayiwo anakhala pa kampando kaja, m'kona.

"Ndiwe wapita kumeneko?"

"Ndine, amayi. Amalume anati mukuvutika."

"Amalume ako anakwatira kawiri, koma za banja sadziwa." Anapukuta manja pa chitenje ngakhale anali ouma. "Ine ndimadikira kuti amalize. Tsiku lililonse ndimati mwina lero sawadula. Ndinali n'tadziuza kuti Loweruka amaliza, ndiwayankha."

Wakoleji anati mpira ndi mpira, upita mmene upitire, kaya munthu wayankha kapena ayi.

Mayi ake anamuyang'ana ngati mwana wonena zachibwana pagulu. Anati za mpirazo iwo sanazisamalepo, sadziwa ngakhale kuti m'bwalo mumalowa anthu angati. Anamufotokozera kuti bambo ake anali munthu wamantha ndi zinthu zabwino. Ankakhulupirira kuti chabwino ukachitchula mokweza chimathawa. Ndiye ankatchula choipacho, chimene akuchiopa, kuti wina wa m'nyumba achitsutse, chichite manyazi n'kubwerera. Anayamba kalekale, asanabadwe ana. Wakoleji atadwala chikuku ali khanda, mkuluyo anati uyu safika m'mawa, iwo anati mwanama, ndipo anagona. Denga likamadontha, ntchito ikasowa, mayeso akayandikira, zinali chimodzimodzi.

"Ndipo usiku umene unabwera ndi chikwama chako, anati mwana uyu watha basi."

"Ndinamva."

"Unamva theka. Ine ndinati mwanama, bambo. Anatembenukira kukhoma n'kugona mpaka kuwomba mkonono. M'mawa ndi pamene anakukonzera malo pa tebulopo."

Wakoleji anayang'ana malowo. Bambo ake anali atakhomerapo kathabwa kowonjezera kuti pakwane zigongono za munthu wamtali.

Kenako mayi ake anati tsiku lomaliza lija mkuluyo anadzuka atagwira kumutu, n'kunena kuti mutu uwu lero undipha. Iwo anali atachedwa ku msika, anali atakwiyanso ndi nkhani ya makala, ndiye anangonyamula dengu n'kutuluka.

"Ndinawamva bwinobwino. Anandiyang'ana, akudikira. Ndinati ndikawayankha pobwera."

Sanalire. Anadzuka, anakonza mpango wawo, n'kulowa m'nyumba. Wakoleji anatsala pakati pa mawailesi ozima, onse atamuyang'ana ndi magalasi awo akuda.

Lachisanu m'mawa anakweranso masitepe a pamwamba pa sitolo ya matayala. Bwana wa tayi uja anamumvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu. Anati chipepeso chatuluka kale, abusa awiri aimba kale foni kuyamikira, ndipo iye sangakhale munthu wolavula n'kumezanso. Siteshoni si khomo la nyumba loti lizitsegulidwa ndi kutsekedwa banja likasintha maganizo. Koma Wakoleji asanafike pansi foni yake inanjenjemera m'thumba. Muulutsi uja anali atamutumizira uthengawo. Sanautsegule.

Kunyumba anaika foniyo patsogolo pa mayi ake n'kunena kuti mawu onse ali mmenemo, angomvera. Iwo anaikankhira kwa iye ndi chala chimodzi.

"Bambo ako sankandilankhula m'kanthu aka. Ndinkawamva pa wailesi, nthawi yake itakwana, ine ndili pakhomo langa apo. Za m'thumba mwakozo ndi zako."

Tsiku limenelo sanakonze wailesi ya munthu aliyense. Anatulutsa katoni ya zinthu zimene eni ake sanabwerenso kudzatenga, n'kufufuza mpaka anapeza chimene ankafuna. Kanali kachipangizo kakuda kamene madalaivala amalumikiza ku foni kuti nyimbo zawo zizimveka pa wailesi ya galimoto. Wataxi wina anakasiya chaka chatha. Anakatsegula, anasintha kachitsulo kopsa, n'kukalumikiza ku batire. Kanali kofooka, mawu ake sankafika ngakhale pa shelefu yachiwiri. Anakumbukira phunziro la maeriyo, limene analephera mayeso ake kawiri. Anayeza waya, anadula, anawotcherera, n'kuuyendetsa m'mbali mwa denga. Anakaika pa nambala ya siteshoni yomwe ija. Poyesa sanagwiritse ntchito mawu a bambo ake. Anaika nyimbo, ndipo mawailesi onse anasiya siteshoni n'kuyamba kuimba nyimbo yakeyo.

Loweruka kunacha ndi mitambo yolemera koma mvula sinagwe. Msewu unadzaza mbendera ndi malipenga a pulasitiki. Anthu ankalankhula mokweza za mphunzitsi, za womwetsa zigoli amene bondo lake linali lokayikitsa, za woyimbira mpira wochokera kutali amene ankati amadana ndi eni bwalo. Chizolowezi sichifa msanga: pofika masana amuna anali atadzaza pakhonde la shopu, pamene ankamvera pologalamuyo zaka zonse. Atapeza chitseko chotseka, anakhala pansi pomwepo n'kuzungulira kawailesi ka Kondakitala.

M'kati Wakoleji anayatsa mawailesi onse. Anakoka katani pa zenera. Anakhala kumapeto kwa tebulo, foni ili pamiyendo pake, pansi pa thabwa.

Mayi ake anabwera okha, osaitanidwa. Anaima pa kachitseko, kapusi ya mkuluyo ili m'manja.

Pologalamu inayamba. Omvera analosera mmodzimmodzi. Wina anati ziwiri kwa chimodzi, wina anati zinayi, mayi wina anati walota mbuzi yoyera ikulowa mu golo. Panja amuna ankaseka ndi kutsutsa. Kenako muulutsi uja anatsitsa mawu. Anati pamalo pano pakanakhala mkulu wina amene omvera onse akumudziwa, ndipo anapempha kuti akhale chete pang'ono pomukumbukira.

Wakoleji anadina foniyo.

Mawailesi anachita phokoso ngati mvula ya pa malata. Kenako munthu anatsokomola.

Panja kuseka kunaduka ngati chingwe.

"Moni omvera, ndine a Tigonja, pano pa shopu. Ulendo uno mumvetsere bwino, chifukwa zimene ndaona ine, anyamata athu akuthamanga kwambiri chigawo choyamba, ngati mbuzi zomasulidwa kumene. Pofika chachiwiri malilime ali panja. Wotchinga wa kumanzere uja ndi mwana wabwino, koma akatembenuka amatembenuka ngati lole. Alendowa ali ndi kamnyamata kafupi kothamanga mbali imeneyo. Goloboyi wathu mipira ya pansi amagwira, koma ya kona amaipempherera…"

Ankalankhula mosafulumira, akupuma mokoka pakati pa mawu. Kumbuyo kwake kunkamveka mawailesi a tsiku lijalo akunong'ona, ndipo kampando kankalira akasuntha phazi. Wakoleji anapezeka akuyang'ana m'kona. Kampandoko kanali pomwepo, kopanda munthu.

Kenako chitseko chinalira m'mawailesi onse. Anamva mawu ake omwe, ouma ngati chikopa: "Ndikukagula mtovu ndi mabatire." Panadutsa kanthawi. Apa ndi pamene dzanja lija linkakupiza. Chitseko chinamenyetsedwa, ndipo ngakhale chenichenicho chinali chotseka, Wakoleji anadzidzimuka.

Mkuluyo anapumira m'mwamba.

"Pepani omvera, ameneyo ndi mwana wanga wa ku koleji uja. Zamagetsi amazidziwa kundiposa ine, koma phunziro lotseka chitseko anali asanafikepo. Tinali pati? Eya, pa kona. Ndiye ine ndikuti, abale anga, musavutike n'kugula malipenga. Tigonja. Chimodzi kwa duu."

M'shopu munagwa bata. Mawailesi ankangopuma.

Mayi ake anaponda sitepe imodzi kulowa m'kati. Mawu awo anatuluka osanjenjemera, a masiku onse, ngati manja ali ndi thovu la sopo.

"Mwanama, bambo."

Ndipo kuchokera kumanja, kumanzere, pamwamba ndi pansi pa tebulo, mkuluyo anaseka. Kunali kuseka kwake kwakufupi kuja, kotulukira m'mphuno. Kampando kanaliranso kamodzi, uthengawo n'kutha.

Wakoleji anasolola waya wa batire. Siteshoni inabwerera, muulutsi akuthokoza omvera chifukwa cha bata lawo n'kuyamba kutchula mayina a osewera.

Atatsegula chitseko anapeza khonde lili pululu. Panatsala patapata mmodzi ndi lipenga lapulasitiki. Kondakitala yekha ndi amene anaima pa msewu, atagwira kawailesi kake patali ndi thupi ngati wanyamula njoka. Waya uja unali utafika kutali kuposa mmene Wakoleji anayezera.

"Wakoleji," anatero ndi mawu amene sanali okakalanso. "A siteshoni anati anachotsa."

"Anatero."

"Nanga amene amalankhula uja ndani?"

Kondakitala anayang'ana katani yotseka, anayang'ana denga la shopu. Manambala amene ankafuna sabata yonse anali atawamva, koma sanatchule zobetcha. Anabwera pang'onopang'ono, anaika kawailesiko pa sitepe, nati akasiya pompo, adzakatenga tsiku lina. Ananyamuka osacheuka, kulowera kosiyana ndi kumene anthu ankakaonera mpira.

M'kati mayi ake anali atapachika kapusi ija pa msomali wake, pamwamba pa kampando. Nkhope yawo inali yotopa ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Anati akumva njala, akatereka madzi. Atafika pa kachitseko anaima. Sanayang'ane waya wa kudenga, ngakhale unali poonekera. Anayang'ana thumba la malaya a mwana wawo, pamene foni inatukula nsalu.

"Ndawayankha. Tsopano uwasiye apume, mwananga. Usamawadzutsedzutse."

Analowa m'nyumba, ndipo posakhalitsa kunamveka kugunda kwa mapoto.

Wakoleji anakhala pa malo ake, zigongono zili pa kathabwa kowonjezera kaja. Anatulutsa foni. Mawu a bambo ake sanali kwina kulikonse, sanajambulidwepo pa ukwati kapena pa msonkhano, ndipo wa ku siteshoni anali atanena kuti lero afufuta. Anaganiza zomveranso pamene pali chitseko pokha, kamodzi kokha. Chala chake chinaima pamwamba pa galasi mpaka foniyo inazima yokha. Anaiyatsanso. Itamufunsa ngati akutsimikiza kuti afufute, anavomera.

Kenako anakwera pa kampando n'kuyamba kumasula waya uja kudenga, akuukulunga padzanja. Ali pomwepo, kutali chakumsika kunabuka mfuwu waukulu wa anthu ambiri, wautali, wokwera ndi kutsika. Mawailesi anali atawatsitsa mawu mpaka pansi, ndipo kuchokera m'konamo sankatha kusiyanitsa ngati kunali kukondwa kapena kulira. Sanatsike kuti akakweze. Anamaliza kukulunga wayawo, anapita pakhomo, anatola kawailesi ka Kondakitala, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono mpaka loko inagwira.

Linali Loweruka, pa 16 Novembala.